Dzanja Lobwereka pa Rediyeta

Pa galaja ija panali lamulo limodzi losalembedwa paliponse: rediyeta imene agwira a Chikhatho, wina asaigwirenso. Sikuti ankaletsa ndi iwo ayi, anthu anangozolowera. Galimoto ikabwera ikuwira, mwini wake akutuluka thukuta kuposa injiniyo, amakaniko ena onse ankapatuka n'kuitana mkulu uja. Iwo ankabwera pang'onopang'ono akupukuta manja pa ovolosi, n'kuthimitsa injini, n'kulowetsa dzanja pampata wa pakati pa fani ndi rediyeta, n'kuyendetsa chikhatho kuchokera pamwamba mpaka pansi, maso ali chitsinzinire. Kenako ankanena mawu ochepa basi. "Yatsekeka kumanzere." Kapena, "Rediyeta ilibe mlandu, onani pampu." Ndipo zinkakhaladi momwemo. Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi akazi awo ndi a kuchipatala okha.

Dzanja limenelo analitengera kwa bambo awo, mmisiri wokhoma ndowa ndi kumata mapoto obooka. Kuyambira kale ankadziwa kuti chitsulo chomatira chapsa pongochiyandikiza pachikhatho, osadikira kuti mtovu usungunuke. Pa galaja analowa ngati womata marediyeta otaya madzi. Malemu mwini galaja, munthu wouma pakamwa amene sanayamikirepo ngakhale mvula, tsiku lina anawapeza akusisita rediyeta ya lole n'kumanena kuti pakati sipakudutsa madzi. Ataitsegula anapeza matope okhaokha. Malemuyo anangoti, "Iwe ndiwe Chikhatho," ndipo dzinalo linakakamira zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. M'zaka zimenezo anakwatira, anabereka ana atatu, mmodzi anamuika m'manda, awiri otsalawo anakula n'kupita kutali osafuna n'komwe kumva fungo la girisi. Anaikanso mwini galaja uja, galaja n'kutsala m'manja mwa mwana wake wamkazi, amene a Chikhatho anamunyamulapo ali pa thewera. Iye ankawaitana kuti amalume, iwo ankamuitana kuti abwana, ndipo palibe ankaona chachilendo.

Madalaivala ena ankanong'onezana kuti dzanjalo n'lokhwimira. Bodza lenileni. A Chikhatho ankafotokozera aliyense wofunsa, kungoti ofunsawo ankasowa. Injini ikawira, ankatero, milandu ndi itatu yokha: madzi achepa, madzi sakuyenda, kapena akuyenda koma sakuzizira. Rediyeta ndi timipope tambirimbiri toima chilili. Madzi otentha amalowa pamwamba, mphepo imawaziziritsa akamatsika, n'kubwerera mu injini. Timipope tina tikatsekeka ndi dzimbiri kapena matope, pamalo pamenepo pamazizira pomwe ponse pozungulira pakutentha. Diso silingaone zimenezo, koma khungu limamva, monga mayi amadziwira malungo pamphumi pa mwana. Ufiti wonse unali pomwepo.

Tsono khungulo n'limene linawathawa. Zinayambira kumapazi, chaka chimene a kuchipatala anawauza za matenda a shuga. Kenako nsonga za zala zinayamba kuchita dzanzi, dzanzi losatha ngakhale azikutumule bwanji. Linakwera mpaka pamfundo ya dzanja n'kuima pamenepo. M'mawa wina anagwetsa nati, ndipo anadziwa chifukwa chomva kulira kwake pasimenti, zala zikanali chitsinire ngati natiyo ilipo. Anaitola, anaimanga poyang'anitsitsa, sanauze munthu.

Mungaganize kuti anachita mantha. Sabata yoyamba anachitadi, koma mantha nawo amatopa. Pambuyo pake ankangodzuka, kusamba, kumwa mankhwala, kuyenda mpaka pa galaja, kuvala ovolosi. Akaitanidwa ankalowetsabe dzanja n'kutsinzina monga kale, osamva kanthu, n'kunena zimene maso, mphuno ndi makutu zinali zitawauza kale. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu si masewera, nthawi zambiri ankalondola. Anthu akawayamikira ankagwedeza mutu. Nthabwala za anzawo ankaziseka mochedwa, ena onse atasiya. Chakudya cha masana ankachimaliza osadziwa ngati munali mchere. Anatha choncho miyezi isanu ndi itatu, mpaka inabwera galimoto ya buledi.

Inali galimoto yakale yoyera, yokhala ndi bokosi kumbuyo, yogawa buledi m'magolosale a kumtunda kwa tauni. Woyendetsa wake anali bambo wamfupi wolongolola, wa zaka ngati makumi anayi, amene aliyense ankangomutchula kuti a Buledi. Iye anafotokoza kuti pamalo osalala galimoto imayenda bwino, koma ikangoyamba chitunda itasenza katundu, kasingano ka kutentha kamathamangira kofiira. A Chikhatho anaona madzi, anali odzaza ndipo ooneka oyera. Anaika dzanja pa rediyeta, anatsinzina, nati, "Ilibe mlandu." Anasintha chotsekera cha pamwamba ndi temositati, kavalavu kamene kamatsegulira madzi njira injini ikatentha.

Patatha masiku khumi galimoto inabweranso, ulendo uno chokokedwa. Inali itawira mpaka kupsereza gasiketi, chija chimamata mutu wa injini. Abwana anafunsa a Chikhatho pamaso pa munthu wa kubekale, kwa eni galimotoyo, kuti zatheka bwanji. Iwo anaikanso dzanja pa rediyeta, dzanja lawo lakufalo, nati rediyeta ili bwino. Atafunsidwanso kachiwiri kuti nanga gasiketi yapsa ndi chiyani, pakamwa pawo panatuluka mawu amene amakaniko onse amasungira tsiku loipa: "Mwina anaiyendetsa yopanda madzi." Anati mwina. Koma mwina wa a Chikhatho anali chigamulo, ndipo munthu wa kubekale anapotoloka n'kuyang'ana dalaivala.

Ulendo wachitatu inafika Lachisanu m'mawa dzuwa litakwera pang'ono, nthunzi ikutuluka m'mbali mwa boneti. A Buledi anatsika osapereka moni kwa aliyense, zimene zinali zisanachitikepo. Abwana anatuluka mu ofesi foni ili m'manja, nawakokera a Chikhatho pambali.

"Amalume, a kubekale aimba. Akuti galimoto ikapezekanso kuti ilibe vuto lina, dalaivalayu asiye makiyi lero lomwe. Akuti iwo akhulupirira mawu anu, si ake."

"Ndamva, abwana."

"Ionetsetseni. Ine ndili mu ofesi."

Amakaniko ena anali pa dzenje lokonzerapo magalimoto kumbali inayo, akulimbana ndi giyabokosi ya lole. Pa galimoto ya buledi panatsala anthu awiri okha. Dalaivala anatsamira khoma, manja m'thumba.

"Madala," anatero, "ine madzi ndimathira m'mawa uliwonse ndisanamwe n'tiyi yemwe. Akazi anga amandinena kuti galimotoyi ndimaisamala kuposa ana. Zaka zisanu ndi zinayi sindinaswepo ngakhale galasi la kumbali. Lero ndiye ndikhale wosadziwa kuthira madzi?"

A Chikhatho anadikira kuti injini ipume, natsegula chotsekera ndi chiguduli, nadzaza madzi. Anayamba kuzenga milandu yawo itatu ija umodziumodzi. Anagwada n'kusuzumira pansi, panalibe dontho. Anatsata mapaipi a labala ndi maso, onse anali ouma m'mfundo zake. Anasolola ndodo yoyezera oyilo, anali wakuda bwinobwino, wosasakanikira ndi madzi. Analiza injini nayang'ana m'kamwa mwa rediyeta ngati mukutuluka thovu, munalibe, ndiye kuti gasiketi yatsopano ija inali yamoyo. Ananunkhiza utsi kumbuyo. Anamvetsera pampu, sinkalira. Lamba wa fani sankaterereka. Anang'amba kapepala nakayandikiza kutsogolo kwa galimoto, kanakokedwera mkati, ndiye kuti fani inkakoka mphepo mbali yoyenera. Injini itatentha anaona madzi ayamba kuyenda pamwamba, temositati inali itatseguka.

Madzi analipo, ndipo ankayenda. Unatsala mlandu umodzi, womwe iwo anali atauchotsa kawiri pamaso pa anthu. Anathimitsa injini.

Sanafune kungonena kuti tichotse rediyeta. Funso la abwana ankalidziwa kale: nanga maulendo awiri aja munagwira chiyani? Komanso sanali otsimikiza, ndipo kuloza chinthu chachitatu mongolota kukanakhala kumumaliza dalaivala. Anakumbuka kuti pamwamba pa mfundo ya dzanja khungu linkamvabe. Anapinda ovolosi mpaka m'chigongono, naweramira mu injini, nayesa kupanikiza mkono pampata wa fani uja kuti ugone pa rediyeta. Mpatawo unali wa dzanja, osati wa mkono. Anakankha, anapotoza phewa, natsamiritsa dzanja lamanzere penapake kuti asagwere mkati.

"Madala, kukununkha chiyani?" anafunsa a Buledi.

A Chikhatho nawo analimva fungolo, ngati la nthenga za nkhuku pamoto. Anaganiza za waya. Anayamba kufunafuna ndi maso kumene kukutuluka utsi.

"Mayo! Dzanja! Chotsani dzanja!"

Dalaivala anawagwira m'mapewa n'kuwakokera kumbuyo. Dzanja lamanzere lija linali litagona pa chitsulo chotulutsa utsi mu injini, chimene chimatentha mwakuti malovu amauma asanagwe bwino. A Chikhatho analitembenuza n'kuliyang'ana. Pachikhatho panali mzere woyera wokhuthala, khungu litakwinyika m'mbali mwake. Analiyang'ana monga ankayang'anira gasiketi ya galimoto ya eni ake. Chimene anaganiza n'chakuti pafunika bandeji yaikulu.

A Buledi anathamangira pampopi natunga madzi m'chidebe, naviika dzanjalo iwo eni. Atakweza maso n'kuona nkhope ya mkuluyo ili phee, yosakwinya ngakhale pamphumi, anazindikira chimene chinalipo.

"Simukumva," anatero motsitsa mawu.

"Ayi."

"Linalo?"

"Chimodzimodzi."

"Ndiye tsiku lija munagwira rediyeta yanga..."

"Ndinagwira chabe."

Dalaivala anayang'ana ku ofesi, nayang'ana ku dzenje kumene anzawo ankamenya chitsulo osadziwa kanthu. Akanatukwana, a Chikhatho akanalandira. Koma iye anapukuta nkhope ndi chipewa nati, "Bambo anga anamwalira ndi shuga yemweyo. Imvani, madala. Ine sindinaone kanthu. Muwauze kuti rediyeta yatsekeka sabata ino, basi. Dzanjali tinena kuti mwaterereka."

Linali bodza labwino, losokedwa molimba, ndipo likanawasungira a Chikhatho dzina ndi ntchito. Koma iwo anaona pamene linali lobooka. Ngati rediyeta yatsekeka sabata ino, ndiye kuti gasiketi ya mwezi watha inapsabe ndi dalaivala wosathira madzi. Munthuyo mwina akanapulumuka lero, koma mawu aja akanatsala pamutu pake kudikira tsiku lina. Sanamve chisoni chachikulu kapena kulimba mtima kulikonse, tisanamizane. Anangoona kuti bodzalo likutaya madzi, ndipo iwo moyo wawo wonse sanatulutsepo pageti chinthu chotaya madzi.

"Adalaivala, ndibwerekeni dzanja lanu."

"Langa? Pa rediyeta imene mwagwira inu?"

"Isanazizire. Lowetsani apa, fani yaima, siikulumani. Chikhatho chigone chonse, osati zala zokha. Yambani pamwamba kumanja. Mukumva chiyani?"

"Kutentha. Iii, kukuwotcha ndithu."

"Tsikani pang'onopang'ono. Musathamange, si chitunda ichi."

"Kukutenthabe, koma kukuchepa."

"Ndi momwemo. Tsopano bwererani pamwamba, musunthire pakati. Tsinzinani."

"Kutsinzina n'kofunika?"

"Maso amalongolola ngati inu. Tsinzinani."

A Buledi anatsinzina. Dzanja linatsika pang'ono, linaima, linabwerera m'mwamba, linatsikanso. "Aa! Apa n'pozizira. Madala, pozizira ngati botolo la mufiriji! Kuyambira apa mpaka pansi. Kumanzereko kwayambanso kutentha."

"Kukula kwake?"

"Zikhatho ziwiri, kapena kuposa."

A Chikhatho anagwedeza mutu. Theka la timipope linali litafa. Pamalo osalala theka lotsalalo linkakwanitsa, pachitunda linkalephera. Madzi oyera aja anali oyera chifukwa dalaivala ankathira atsopano tsiku lililonse, matope atakhazikika pansi pomwe diso silifika. Chikhatho chamoyo chikanazipeza tsiku loyamba lomwe, pa mphindi imodzi.

Anatulutsa dzanja m'chidebe, nalikulunga ndi chiguduli choyerako, napita kukagogoda pa ofesi. Abwana atatuluka, sanawafotokozere kanthu poyamba. Anangowatengera pa galimoto nati, "Ikani dzanja apa, pakati." Abwana anazengereza, poti nawonso anakulira m'lamulo lija, koma anaika.

"Pozizira," anatero. "Amalume, koma inu munati..."

"Ndinati. Kawiri. Yakhala chonchi kuyambira ulendo woyamba, ndipo ndi imene inapsereza gasiketi. Dalaivalayu alibe mlandu, muwaimbire a kubekale muwauze kuti wolakwa ndi Chikhatho." Anamasula chiguduli chija n'kuonetsa chilonda. "Ichi ndachidziwa ndi mphuno."

Abwana anayang'ana chilondacho nthawi yaitali. Kulira kwa hamala kudzenje kuja kunali kutasiya, amakaniko ataima chapatali, wina sipanala ili m'manja.

"Kuyambira liti?"

"Miyezi isanu ndi itatu."

"Miyezi isanu ndi itatu!" Mawu anakwera, kenako anasweka. "Galimoto zonse zija mwakhala mukutsinzinira... Amalume, mukanandiuza ine. Ine ndine ndani kwa inu?"

Iwo anafuna kuyankha kuti mwanawe, ndinkaopa, koma mawuwo anawaona ali patali, ndipo kuwatola kunali ntchito. Anangoti, "Madzi akatayika sawoleka, abwana."

Abwana anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, girisi n'kutsala patsaya. "Pitani kuchipatala akamange chilondacho. Zina tikambirana Lolemba." Onse awiri ankadziwa kuti galaja yodziwika ndi dzanja limodzi ikamveka kuti dzanjalo linafa kalekale, zokambirana za Lolembazo zimakhala zazifupi, ntchito ya mwini dzanja imakhala yatha. Abwana analowa mu ofesi, ndipo pawindo panamveka mawu awo akuuza a kubekale kuti dalaivala wawo asamulande makiyi.

A Chikhatho anavula ovolosi movutikira, mabatani akuwazemba. Anaikoleka pamsomali wake wa nthawi zonse. Akutuluka pageti anacheuka, naona amakaniko atatu aja atazungulira galimoto ya buledi, akulowetsa manja mosinthana, wina aliyense atatsinzina, a Buledi akuwalangiza mokweza ngati anabadwira momwemo. "Chikhatho chonse, akulu, osati zala zokha!"

Kuchipatala namwino anawafunsa kuti ululu ukufika pati. Atamuuza kuti palibe, analemba kanthu m'buku lawo, nawauza kuti azilicheukira dzanjalo m'mawa ndi madzulo, chifukwa likayamba kuola silidzawauza.

Anafika kunyumba dzuwa likadalipo, nthawi imene sanafikepo pa tsiku la ntchito. Akazi awo anali pakhonde akusoka chigamba pa pilo. Anaona bandeji, anaona kuti m'manja mulibe chikwama cha nkhomaliro, nasunthira kumbali pabenchi kuti amuna awo akhale.

"Mayi, ndili ndi mawu," anayamba a Chikhatho. "Manja angawa..."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa chiyani?"

"Kuyambira tsiku lija munaphula ketulo pamoto opanda chiguduli, n'kumayenda nayo mukuimba mluzu. Inu mumaganiza kuti madzi osamba amadzisakaniza okha m'bafamo? Nanga malaya anu onse kukhala ndi mabatani aakulu, munkati asintha ndi angelo?"

"Bwanji osandiuza?"

"Nanga inu bwanji osandiuza? Ndinkadikira mwini manja."

A Chikhatho anayamba kufotokoza za galimoto ya buledi, maso ali kumsewu: za madzi oyera, za kapepala, za mawu a mwina aja, za dalaivala amene anafuna kuwanamira. Ankafotokoza mosalala, ngati nkhani ya pa galaja ina. Pamsewu panadutsa njinga, panadutsa mayi wosenza mtolo wa zovala, panadutsa galimoto imene lamba wake ankalira, iwo n'kunena pakati pa nkhani kuti ameneyo safika naye kutali. Atamaliza anaweramitsa mutu, ndipo ndi pamene anaona kuti dzanja lawo lamanja lili m'manja mwa akazi awo, pamwamba pa pilo uja, zala zitalukanalukana.

"Mwandigwira kuyambira liti?"

"Kuyambira pamene munakhala pansi."

Iwo sanachotsenso maso padzanjapo, poti akanangoyang'ana kumbali likanasowa.